Mwendo wa mnyamata mmodzi unafufuta bwanji magemu 13 a Florida State?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanuyi nditulutse zimene zakhala zikundidya mumtima kuyambira Disembala 2023. Ndikudziwa kuti ambiri amene amathamangira tsamba la zamasewero mtima wawo uli pa mpira wamiyendo, ena akangoona kuti nkhani ndi ya mpira wa ku America wovala zipewa zolimba uja atsegula tsamba lina, koma ndikupempha andipirire pang'ono chifukwa aliyense amene anachemererapo timu mpaka mawu kusasa aimva nkhaniyi ngakhale malamulo a gemuyo sakuwadziwa.

Ine mpira wa makoleji a ku America ndinayamba kuwutsatira pa intaneti, kudzuka pakati pa usiku ena ali mtulo, ndipo timu imene inandigwira mtima ndi ya yunivesite ya Florida State, imene amaitcha Seminoles, ya mumzinda wa Tallahassee. Si timu yamasewera ayi, inatengapo chikho cha dziko lonse mu 1993 ndi 1999 nthawi ya kochi Bobby Bowden, kenako mu 2013. Koma zitatha izo zinthu zinasokonekera, ndiye pamene a Mike Norvell amabwera kudzakhala kochi timu inali pansi zedi. Mu 2020 anawina magemu 3 nkuluza 6, mu 2021 anawina 5 nkuluza 7, ndipo chaka chimenecho anachinyidwa pakwawo ndi Jacksonville State, kasukulu kakang'ono kamene ma timu akuluakulu amakaitana kuti angopezerapo mapointi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mu 2022 zinayamba kuwala, 10 kuwina 3 kuluza. Ndiye sizoni ya 2023 isaoneke ngati inagwa kumwamba, anyamata aja anaivutikira zaka zinayi.

Kwa amene sadziwa, mwachidule gemuyi imayenda chonchi: mbali iliyonse osewera 11, timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikalowetsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown mapointi 6, ikamenya pakati pa mitengo mapointi 3. Amene amayendetsa zonse pomenya nkhondo ndi quarterback, ndi iye amaponya mpira, ndi iye amawerenga adani. Wa Florida State anali Jordan Travis, mnyamata amene anayambira ku Louisville nkusamukira ku Tallahassee mu 2019, anadutsa m'zaka zowawa zonse zija osathawa, pamene anzake ambiri zikangovuta amanyamula zikwama.

Tsopano vuto la mpira wa makolejiwu ndi loti ma timu a mu gulu lapamwamba ndi oposa 130, pomwe timu iliyonse imasewera magemu 12 okha, ndiye sizingatheke kuti onse akumane. Chifukwa cha ichi kuyambira 2014 anakhazikitsa komiti ya anthu 13 yoti izisankha ma timu 4 opita mu ndime yomaliza yolimbirana chikho, imene amati College Football Playoff. Anthu 13 kukhala m'chipinda nkusankha. Kuyambira 2014 mpaka 2022 panalibe timu ya mu ma ligi asanu akuluakulu a mpira wa makoleji imene inawina magemu ake onse ndi chikho cha ligi yake nkusiyidwa panja, ndipo aliyense, osewera, makochi, masapota, ankadziwa kuti ukawina onse walowa basi. Florida State ndi imene inakhala yoyamba kutsekeredwa chitseko.

Taonani mmene sizoni inayendera. Gemu yoyamba pa 3 Seputembala ku Orlando anakumana ndi LSU, timu ya mu ligi ya SEC imene anthu amati ndi ligi ya akamuna, quarterback wake ali Jayden Daniels amene chaka chomwecho anadzatenga mphoto ya Heisman ya wosewera bwino kuposa onse. Florida State inaikuntha 45-24, Keon Coleman yekha ma touchdown atatu. Sanachite kuwakakamiza kusewera gemu yovuta ngati imeneyo koyambirira, akanatha kuitana kasukulu kofooka, koma anasankha chilombo nkuchigwetsa. Pa 23 Seputembala anapita ku Clemson, kubwalo kumene anali asanawineko kuyambira 2013, gemu inali yothina moti ine manja ankachita kunjenjemera, Kalen DeLoach anagwetsa quarterback wa Clemson mpira nkutayika, iye yemweyo nkutola nkuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, mu nthawi yowonjezera Coleman anadumpha nkugwira mpira wa Travis, 31-24. Sindikubisa kuti panali magemu ena osakoma, ku Boston College anapulumukira mkamwa mwa mbuzi 31-29, Miami nayo inawavutitsa 27-20. Koma Syracuse inadya 41-3, Duke 38-20, Wake Forest 41-16, ndipo sabata iliyonse akutuluka m'bwalo ndi chipambano.

Kenako pa 18 Novembala, gemu yomaliza ya pakwawo pa Doak Campbell Stadium, tsiku lotsanzikana ndi osewera amene akumaliza sukulu, makolo awo ali pompo. Adani anali North Alabama, timu yaing'ono. Chigawo choyamba chomwe Travis anathamanga ndi mpira, anamugwetsa, mwendo wakumanzere nkupindikira kosayenera. Amene munaona kanema wake mukudziwa, ine sindinathe kuwonera kachiwiri. Anamunyamula pa kangolo bwalo lonse lili zii. Pa nthawi imeneyo Florida State inali kumbuyo 13-0, ndipo anzakewo m'malo mofooka anathira mapointi 58 popanda North Alabama kuyankhanso olo limodzi.

Apa mpamene ndikufuna owerenga amvetsetse, chifukwa masabata awiri otsatirawo ndi amene amandichititsa kunena kuti anyamatawa anaberedwa. Sabata yotsatira anapita ku Gainesville kukakumana ndi adani awo akale a Florida Gators, bwalo la phokoso loopsa limene amalitcha The Swamp, quarterback ali wachiwiri Tate Rodemaker. Anayamba kutsalira 12-0. Timu yopanda mtima ikanathera pomwepo, chowiringula chinalipo kale, aliyense akanamvetsa. Koma Trey Benson anagoletsa katatu, otchinga kumbuyo anatseka njira zonse, gemu nkutha 24-15. Mu gemu yomweyo Rodemaker anamenyedwa m'mutu, ndiye pofika pa 2 Disembala ku Charlotte, fainolo ya ligi yawo ya ACC yolimbana ndi Louisville, anatsala ndi quarterback wachitatu, Brock Glenn, mwana wa chaka choyamba pa koleji amene anali asanayambepo gemu. Zoona gemu ija sinali yokongola, Glenn anaponya mayadi 55 okha. Koma taonani zimene anachita otchinga, Braden Fiske ndi Jared Verse anasandutsa quarterback wa Louisville mphasa, kumugwetsa mobwerezabwereza, Tatum Bethune analanda mpira m'malo ogoletsera penipeni pamene Louisville inatsala pang'ono kutsogola, Lawrance Toafili anang'amba pakati nkuthamanga mayadi oposa 70. Louisville, timu imene inawina magemu 10 chaka chimenecho, sinagoletse touchdown olo imodzi. 16-6. Magemu 13, kuwina 13, chikho cha ligi m'manja.

M'mawa mwake pa 3 Disembala komiti inalengeza: Michigan, Washington, Texas, Alabama. Florida State nambala 5.

Makamera anaonetsa anyamata aja atakhala pamodzi kudikira dzina lawo, nkhope zikugwa mmodzimmodzi, ena kugwira kumutu, a Norvell kuwerama. Ine ndinangoti kakasi foni ili m'manja.

Wapampando wa komiti a Boo Corrigan anafotokoza kuti Florida State yopanda Travis ndi timu ina, si imene inasewera masabata oyambirira. Ndipo ndisaname, m'malamulo a komiti muli ndime yowalola kuganizira za wosewera wofunika amene wavulala. Koma funso langa ndi ili, kodi ndime imeneyo anailemba kuti izifufuta zimene zachitika kale m'bwalo? Chifukwa Travis atavulala timu sinagwe, inawina magemu onse otsala, awiri omalizawo kutali ndi kwawo. Umboni woti angathe popanda iye unalipo pamaso pa komiti, koma komiti inasankha kukhulupirira zongoganizira, kuti akapita kumeneko akaluza. Nanga ngati tikudziwa kale amene akaluze, magemu timaseweleranji? Bwanji osangokhala pansi mu Ogasiti nkuwerenga maina a osewera nkupereka chikho?

Masiku asanu okha m'mbuyomo, pa mndandanda wa komiti yomweyo, Florida State inali nambala 4, Texas 7, Alabama 8. Ndipo apo nkuti Travis atavulala kale, komiti ikudziwa bwinobwino kuti sabweranso. Ndiye anyamata anapita ku Charlotte akudziwa kuti tili mkati, tikangowina basi. Anawina, nkutsitsidwa. Mundiuze masewero ena pa dziko lino amene munthu amawina fainolo nkutsika pa mndandanda.

Chinanso chimene chimandizunguza mutu mpaka lero, ngati komiti imati ikusankha ma timu amphamvu kwambiri osati oyenera, nanga bwanji inaika Florida State pa 5 pamwamba pa Georgia imene inaiika pa 6? Georgia inali itawina magemu 29 motsatizana isanaluze kwa Alabama 27-24, ndipo palibe amene ankakhulupirira kuti Florida State ya quarterback wachitatu ndi yamphamvu kuposa Georgia. Ndiye poyerekeza ndi Georgia anagwiritsa muyeso wa zimene timu yachita, poyerekeza ndi Alabama anagwiritsa muyeso wa mmene timu ikuonekera m'maso mwawo. Miyeso iwiri pa tebulo limodzi tsiku limodzi.

Za Texas sindikangana nazo kwambiri, inaluza gemu imodzi kwa Oklahoma koma inapita ku Tuscaloosa nkukaswa Alabama pakwawo 34-24. Ndipo mfundo yonse yagona pamenepo. Alabama itagonjetsa Georgia, komiti inaona kuti singalowetse Alabama nkusiya Texas imene inaichinya, komanso zikuoneka kuti mtima sunawalole kusiya panja katswiri wa SEC, ndiye anafuna wina woti apereke malo, ndipo mwendo wa Travis unawapatsa chifukwa. Awa ndi maganizo anga, m'chipindamo ine munalibe, koma ndikaika zinthu pamodzi ndi mmene ndimaonera. Alabama yomweyo inavutika ndi South Florida 17-3, ndipo sabata imodzi isanakumane ndi Georgia inapulumuka kwa Auburn ndi mpira wa mwayi womaliza, pofunika mayadi 31, Jalen Milroe kuponyera Isaiah Bond pakona. Kumeneko anthu anati ndi mtima wa akatswiri. Florida State ikawina movutikira akuti ndi kufooka. LSU imene Alabama inaigonjetsa 42-28, Florida State inaigonjetsa 45-24, werengani nokha kusiyana kwake.

Ndipo zoti kuwina ndi otchinga kumbuyo si kuwina kwenikweni zinayamba liti? Michigan, imene inadzatenga chikho chaka chimenecho, inagonjetsa Penn State 24-15 quarterback wake J.J. McCarthy ataponya mayadi 60 okha, anthu nkuwomba m'manja kuti eee timu yolimba iyi. Washington inawina Arizona State 15-7 popanda omenya nkhondo ake kugoletsa touchdown. Palibe anawachotsa. Mbiri nayo ilipo, mu 2014 Ohio State inataya ma quarterback awiri, inalowa mu ndime yomaliza ndi wachitatu Cardale Jones, nkukagwetsa Alabama kenako Oregon nkutenga chikho. Ena amati koma Jones uja anaonetsa mphamvu pothira Wisconsin 59-0, pomwe Glenn sanaonetse kanthu. Chabwino, ndavomera. Koma Rodemaker akanakhala atachira pofika Januwale, ndipo timu ikanakhala ndi pafupifupi mwezi wathunthu wokonzekera. Komiti inaweruza Florida State potengera usiku umodzi umene inali pa mavuto aakulu kuposa usiku wina uliwonse, usiku umene inawinanso.

Tsopano ndifike pamene onditsutsa amathamangira, chifukwa ndikudziwa kuti ena akuwerenga akumwetulira kudikira. Pa 30 Disembala mu Orange Bowl, imodzi mwa magemu apadera otsekera sizoni amene amawatcha ma bowl, Georgia inathibula Florida State 63-3, kusiyana kwa mapointi kumene kunali kusanaonekepo mu magemu a bowl. Ndinaonera mpaka kumapeto ndipo zinandiwawa. Anthu nkumati mwaona, komiti inalondola. Ayi a Mkonzi, imeneyo sinali timu imene inawina magemu 13. Osewera oposa 20 kunalibe, Verse kunalibe, Coleman, Benson, Johnny Wilson kunalibe, Fiske anali wovulala, Rodemaker anali atalengeza zosamukira sukulu ina. Ambiri mwa akuluakuluwo anali akukonzekera kulowa NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ndiye taganizani, mwangoona mnzanu mwendo ukuthyoka, mwaona kuti kuvulala kwa munthu mmodzi kwafufuta ntchito ya chaka chonse, kenako akukuuzani kuti pitani mukaike thupi lanu pa chiswe mu gemu yopanda chikho. Inu mukanapita? Ine ndinakhumudwa kuti sanasewere, pansi pa mtima ndinkafuna akanapita onse nkukaonetsa dziko, ndipo ndimalemekeza kwambiri ana amene anavala yunifolomu tsiku limenelo akudziwa kuti akukakumana ndi moto. Koma sindingawaloze chala amene anakana. Komiti ndi imene inawauza poyera kuti zochitika m'bwalo zilibe ntchito, iwo anangomva nkukhulupirira. Kutenga 63-3 ngati umboni kuli ngati kugwetsa nyumba ya munthu kenako nkumaloza zigumukirezo kuti taonani sinali yolimba.

Alabama imene analowetsayo inaluza kwa Michigan 27-20 mu nthawi yowonjezera ku Rose Bowl, Washington inachotsa Texas 37-31, ndipo pa 8 Januwale 2024 ku Houston Michigan inagonjetsa Washington 34-13. Mwina Michigan ikanaichinya Florida State, mwina ndi mapointi ambiri kumene. Zikanatero ndikanagona mtima uli m'malo, chifukwa kuluza m'bwalo munthu umavomereza, umadziwa kuti takumana ndi otiposa. Chimene sichimezeka ndi kuluza m'chipinda cha msonkhano pamaso pa anthu amene sanatuluke thukuta.

Nkhaniyi inafika mpaka kwa andale, bwanamkubwa wa Florida a Ron DeSantis anapempha kuti mu bajeti muikidwe madola 1 miliyoni oti athandizire ngati pangakhale milandu, ndipo mu Disembala 2023 momwemo yunivesite inatengera ligi yake ya ACC kukhoti pofuna njira yotulukira, poona kuti ndalama za pa TV zimene ma timu a mu ma ligi a SEC ndi Big Ten amalandira zikuwasiya kutali. Zimenezo ine sizindikhudza kwambiri, andale ndi maloya amadziwa okha zimene amafuna. Chimene chinandilasa ndi uthenga umene Travis analemba tsiku lachigamulo, wopepesa, kunena kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka koyambirira kwa sizoni kuti anthu aone kuti timuyi ndi yoposa quarterback. Mwana wa munthu ali pa ndodo, opaleshoni isanapole, akupepesa chifukwa chothyoka mwendo, akulakalaka ukanathyoka msanga. Akuluakulu 13 anamusenzetsa katundu ameneyo, kuti iye ndi amene walepheretsa anzake. Chaka chimenecho anaponya ma touchdown 20 nkulandidwa mpira kawiri kokha, anasankhidwa wosewera wapamwamba wa ACC, anathera pa nambala 5 pa mavoti a Heisman, koma chimene dziko likumukumbukira nacho ndi mwendo.

Ena amati nkhaniyi inatha chifukwa kuyambira 2024 ma timu olowa mu ndime yomaliza ndi 12, ndiye zoterezi sizidzachitikanso. Zoti achulukitse ma timu anali atagwirizana kale 2023 isanafike, ndiye chaka chimodzi chokha ndi chimene chinawapweteka anyamatawa, ndipo kwa ine zimenezo zimangowonjezera ululu. Komiti ikadalipo, ikusankhabe, kungoti mkangano wasamukira pa nambala za m'munsi. Enanso amaloza sizoni ya 2024 pamene Florida State inagwa chagada, kuwina 2 kuluza 10, nkumati mwaona anali a bodza. Koma mpira wa koleji suli ngati kalabu imene osewera amakhala zaka khumi, ana amamaliza sukulu nkumapita, Verse, Fiske, Coleman, Benson onse anali atalowa NFL. Timu ya 2023 inali ya chaka chimenecho chokha, sidzabweranso, ndipo mwayi wawo unali umodzi womwewo.

Chimene chandipangitsa kulemba kalatayi ndi Travis yemweyo. Timu ya NFL ya New York Jets inamutenga mu 2024, anakhala chaka chonse akuyesetsa kuti mwendo ubwerere mwakale, koma mu Epulo 2025 analengeza kuti wasiya mpira chifukwa mwendowo sunachire mmene amayembekezera. Sanasewereko olo gemu imodzi ya NFL. Ndiye kuthamanga kuja kwa pa 18 Novembala, timu yake ili kumbuyo 13-0 iye akufuna kuidzutsa, ndi komwe kunali komaliza pa moyo wake wa mpira. Nditamva ndinakhala nthawi yaitali osayankhula.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi atolankhani anu a zamasewero ndi loti tsiku limene mudzalembe za mpira wa makoleji a ku America, kaya mwachidule pakona pa tsamba, mukadzafika pa chaka cha 2023 musadzangolemba kuti Michigan inatenga chikho nkusiyira pomwepo. Mudzalembenso kuti kunali Florida State ya a Mike Norvell, imene inagonjetsa LSU ku Orlando, Clemson ku Clemson, Florida ku Gainesville ndi Louisville ku Charlotte, magemu awiri omalizawo popanda Jordan Travis, ndipo pa 3 Disembala inali isanaluze gemu ndi imodzi yomwe.

Ine wanu wowerenga mokhulupirika,
Sapota wa Seminoles